Sisitere Thea Bowman, Mtumiki wa Mulungu amene analalika ndi nyimbo

Chaka cha 1937 n'chodziwika kwa akhristu a m'chigwa cha Bwanje ndi a m'mphepete mwa nyanja, pakuti ndi chaka chimene mwana wa ku Mua, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa unsembe, nakhala Mmalawi woyamba kupereka nsembe ya Misa. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa 29 Disembala, kutsidya kwa nyanja yamchere, m'tauni ya Yazoo City m'chigawo cha Mississippi ku America, kunabadwa mwana wamkazi wakuda dzina lake Bertha Elizabeth Bowman. Maiko awiriwa ndi otalikirana, koma akhristu akuda a mbadwo umenewo, kuno ndi uko komwe, anakumana ndi funso limodzi: kodi munthu akamalowa mu Mpingo wa Katolika, asiye pakhomo nyimbo, mavinidwe ndi malankhulidwe a makolo ake, kapena alowe nazo? Bertha, amene dziko linadzamudziwa ndi dzina loti Sisitere Thea, anathera moyo wake wonse akuyankha funso limeneli, ndipo kawirikawiri ankaliyankha poimba.

Bambo ake, a Theon Bowman, anali dokotala, ndipo mayi ake, a Mary Esther, anali mphunzitsi. Agogo ake aamuna anabadwa ali kapolo, popeza ukapolo unathetsedwa ku America m'chaka cha 1865. Banjali linkakhala m'tauni ya Canton, pafupi ndi mzinda wa Jackson. Bertha anali mwana mmodzi yekha m'nyumbamo, wobadwa makolo ake atakula kale, motero ubwana wake anauthera pakati pa nkhalamba. Kwa anthu okalamba amenewa ndi kumene anaphunzira nyimbo zauzimu zimene akapolo anapeka m'minda ya thonje. Nyimbozi sizinalembedwe m'buku. Zinkanena za Aisraele mu ukapolo wa ku Ejipito, za Mose, za mtsinje wa Yordani, za Daniele m'dzenje la mikango, ndi za Yesu wokhomedwa pamtanda, amene akapolowo ankamuona ngati mnzawo m'masautso. Mmodzi ankatsogolera, ena n'kumavomera, akuomba m'manja ndi kugwedeza thupi. Munthu wa ku Golomoti amene anachezerapo pamaliro usiku wonse, kapena kumvera amayi akuimba pamtondo, sangadabwe ndi maimbidwe otere. Akapolo aja analandidwa mayina ndi zilankhulo zawo, koma kaimbidwe ka kwawo ku Africa kanawatsalira.

Mississippi ya masiku amenewo inali dziko la tsankho lokhazikitsidwa ndi lamulo. Azungu ndi anthu akuda anali ndi sukulu zosiyana, malo osiyana m'basi ndi m'sitima, ngakhale mipopi yomwera madzi yosiyana. Tsankholi linalowa ndi m'matchalitchi momwe, ndipo tisabise mawu: m'matchalitchi ena a Katolika anthu akuda ankakhala pa mabenchi a kumbuyo ndi kulandira Ukaristia azungu onse atatha. Komabe ku Canton kunafika amishonale amene anatsegula mishoni ya Holy Child Jesus pakati pa anthu akuda. Ansembe ake anali a chipani cha Missionary Servants of the Most Holy Trinity, ndipo asisitere anali a chipani cha Franciscan Sisters of Perpetual Adoration ochokera ku La Crosse m'chigawo cha Wisconsin. Banja la a Bowman silinali la Katolika, koma Bertha anapempha yekha kulowa mu Mpingo, makolo ake anamulola, ndipo anabatizidwa m'chaka cha 1947 ali ndi zaka 9. Chaka chotsatira asisitere aja anatsegula sukulu, iye n'kukhala mmodzi wa ophunzira ake. Atakula ankafotokoza kuti chimene chinamukopa sichinali maphunziro a katekisimu ayi, koma kuona mmene Akatolikawo ankakonderana ndi kusamalira osauka ndi odwala mosayang'ana khungu. Akatekisiti athu angaone pano kuti mwana wa zaka 9 amaphunzira ndi maso asanayambe kuphunzira ndi makutu.

Atakwanitsa zaka 15, m'chaka cha 1953, Bertha anauza makolo ake kuti akufuna kulowa usisitere m'chipani cha aphunzitsi ake aja. Makolowo anakana. Anali ndi zifukwa zomveka: mwanayo anali yekha m'banja, ku La Crosse kunali kutali makilomita oposa 1,000, ndipo m'chipanicho munalibe ngakhale munthu wakuda mmodzi. Bambo ake anamuchenjeza kuti azungu a kumeneko sakamukonda. Mtsikanayo anayankha kuti akawachititsa kuti amukonde, ndipo anayamba kukana chakudya mpaka makolowo anagonja. Ku St. Rose Convent anapeza dziko lina: chisanu choopsa, zakudya zachilendo, mapemphero a Chilatini, ndi anthu amene ambiri mwa iwo anali asanachezepo ndi munthu wakuda chibadwire. Kumeneko munthu sankaomba m'manja popemphera, ndipo iye anaphunzira kupinda manja ndi kusunga nyimbo za agogo aja mumtima. M'chaka cha 1955 anadwala chifuwa chachikulu, nagonekedwa miyezi yambiri m'chipatala cha odwala nthendayi. Atachira anapitiriza maphunziro ake a usisitere, analandira dzina loti Mary Thea polemekeza Amayi Maria ndi bambo ake a Theon, ndipo anachita malumbiro ake oyamba m'chaka cha 1958.

Sisitere Thea anayamba ntchito ya uphunzitsi ku La Crosse komweko, ndipo m'chaka cha 1961 anawatumiza kwawo ku Canton kukaphunzitsa Chingerezi ndi nyimbo pa sukulu imene iwo anaphunzirapo. Zinali zaka za moto. Mu 1963 Medgar Evers, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, anawomberedwa pakhomo pa nyumba yake ku Jackson. Mu Juni 1966 apolisi anathira utsi wokhetsa misozi anthu amene ankayenda ulendo wofuna ufulu atafika ku Canton, ndipo ambiri a iwo anapeza pogona ku mishoni ya Holy Child Jesus. M'zaka zimenezi Sisitere Thea ankaphunzitsa kwaya ya ana a sukulu nyimbo za makolo awo, zija zimene ena mwa anthu akuda ophunzira anali atayamba kuchita nazo manyazi poziona ngati zotsalira za ukapolo.

Kusintha kwakukulu kunadza pamene anapita ku Washington kukaphunzira pa Catholic University of America. Kumeneko anakumana ndi Akatolika akuda ambiri, ansembe ndi asisitere omwe, ndipo anazindikira kuti sanali okha. Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri unali utangotha, ndipo chikalata chake chonena za mwambo wa mapemphero, cha m'chaka cha 1963, chinali chitavomereza kuti mitundu ya anthu imene ili ndi maimbidwe akeake iwapatse ulemu ndi malo oyenera m'chipembedzo. Mu 1968, chaka chimene Martin Luther King anaphedwa, Sisitere Thea anali mmodzi wa amene anayambitsa bungwe la asisitere akuda la National Black Sisters' Conference. Anatsiriza maphunziro awo a pamwamba mu 1972, ndipo kafukufuku wawo anali wokhudza buku limene Thomas More Woyera analemba ali m'ndende ku London podikira imfa, lonena za chitonthozo pa nthawi ya masautso. Palibe akanadziwa pamenepo kuti phunziro limeneli adzalifuna eni ake patapita zaka 12. Atabwerera ku La Crosse anakhala mkulu wa gawo la Chingerezi pa Viterbo College, nayambitsa kwaya yotchedwa Hallelujah Singers, imene inkaimba nyimbo zauzimu za akapolo zija pa koleji yodzaza ndi azungu. Nawonso anayamba kuvala zovala zachiafrika zamawangamawanga.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Ansembe a chipani cha White Fathers atatsegula mishoni ya Mua mu 1902, anabweretsa Uthenga Wabwino, sukulu ndi chipatala, ndipo pa zimenezi tiwathokozabe. Koma kwa zaka zambiri Misa inali ya Chilatini, ng'oma inkakayikiridwa, ndipo mikangano ya amishonale ndi a gule wamkulu inasiya zipsera zimene akuluakulu a ku Mua ndi Mtakataka amazidziwa bwino. Panapita nthawi kuti tifike pomva ng'oma, maseche ndi nthungululu pa Ulemu kwa Mulungu popanda wina kukweza nsidze. Malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa ku Mua mu 1976, anabadwa kuchokera ku funso lomwelija limene Sisitere Thea ankalimbana nalo ku America m'zaka zomwezo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinali eni dziko ndipo tinali ambiri m'tchalitchi, pamene iwo anali kagulu kochepa mu Mpingo umene atsogoleri ake pafupifupi onse anali azungu. Kumeneko kuimba nyimbo ya agogo pa Misa kunkafuna kulimba mtima.

M'chaka cha 1978 makolo awo atakalamba ndi kufooka, akuluakulu a chipani anawalola kubwerera ku Canton kuti akawasamale. Ambuye Joseph Brunini, episkopi wa Jackson, anawapatsa udindo wotsogolera ofesi ya dayosizi yothandiza anthu a mitundu ndi zikhalidwe zosiyana kuti amvetsetsane. Apa ndi pamene utumiki wawo unafalikira. Ankayenda maulendo oposa 100 pa chaka, kukalankhula m'maparishi, m'sukulu, m'maseminale ndi m'misonkhano ya achinyamata, m'dziko lonse la America, ku Canada ndi ku zilumba za Caribbean. Mu 1980 anali mmodzi wa aphunzitsi oyamba a Institute for Black Catholic Studies pa Xavier University ku New Orleans, kumene ansembe, asisitere ndi akatekisiti ankaphunzira kulalika ndi kutsogolera mapemphero pakati pa anthu akuda. Wina angafunse ngati munthu amene sanakakhale m'dziko lachilendo angatchedwe mmishonale. Yankho lili m'moyo wawo. Anachoka kwawo ali ndi zaka 15 kukakhala pakati pa anthu a chikhalidwe china, naphunzira njira zawo zonse, ndipo pambuyo pake anatenga chuma cha anthu a kwawo n'kuchipereka kwa Mpingo umene unawabatiza. Mwana wa mishoni anasanduka mmishonale kwa amene anatumiza amishonale.

Kalalikidwe kawo kanali kakekake. Akafika pagulu, nthawi zambiri ankayamba ndi nyimbo, ndi mawu amphamvu odzaza nyumba yonse popanda choimbira chilichonse. Kenaka ankaleka, n'kuuza anthu kuti avomere. Ngati avomera mwamanyazi, ankawabwereza mpaka aimbe ndi mtima wonse. Sankalola munthu kukhala chete ngati woonerera, kaya ndi mwana wa sukulu kaya ndi pulofesa. Sankafunanso kuti aliyense asanduke munthu wakuda: mzukulu wa Ajeremani ankamupempha nyimbo ya agogo ake, wa ku Mexico chimodzimodzi, pokhulupirira kuti mtundu uliwonse uli ndi mphatso yobweretsa pa guwa.

Apa pali chinthu chimene makwaya athu ayenera kuchilingalira mofatsa. Ife nkhondo yolowetsa ng'oma m'tchalitchi tinaipambana kale, koma pabuka vuto lina. M'matchalitchi ena kwaya imaphunzira nyimbo zatsopano mwezi ndi mwezi, kiyibodi imakwezedwa mpaka kumiza mawu, ndipo agogo amene ayenda mtunda wautali kudzapemphera amakhala duu kuyambira nyimbo yolowera mpaka yotulukira chifukwa palibe imene akuidziwa. Kwaya yotere yalanda akhristu pemphero lawo, ngakhale iimbe mokoma chotani. Sisitere Thea anali ndi luso loposa ambiri a ife, anaphunzira kuimba kusukulu ndipo akanatha kudabwitsa anthu ali okha, koma ankayesa ntchito yawo poona ngati gulu lonse laimba. Komanso sankatola nyimbo iliyonse chifukwa choti ndi ya makolo. Anali munthu wophunzira amene ankafufuza chiyambi cha nyimbo, mawu a m'Baibulo amene ikuchokera, ndi malo ake oyenera pa mwambo wa Misa.

Chaka cha 1984 chinali chowawa. M'chakachi madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mawere nawachita opaleshoni, ndipo chisanathe anaika m'manda mayi awo ndi bambo awo motsatizana. Munthu amene anali mwana yekha m'banja anatsala wopanda kholo kapena mbale wa bere limodzi, thupi lili ndi nthenda. Ambiri akanapuma pamenepo ndipo palibe akanawadzudzula. Iwo atangopezako mphamvu anabwerera pa msewu. Pemphero lawo la masiku amenewo linali lopempha Mulungu kuti awalole kukhala ndi moyo weniweni mpaka tsiku la imfa, osati kufa asanafe. Mu Ogasiti 1985 anafika ku Nairobi m'dziko la Kenya pa Msonkhano wa Ukaristia wa dziko lonse wa nambala 43, umene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anadzautseka. Anafikanso ku Nigeria. Mdzukulu wa kapolo anaponda nthaka ya Africa, naona ndi maso Misa yoimbidwa ndi ng'oma ndi kuvina, maepiskopi akuda ali pa guwa, chinthu chimene kwawo ankachita kuchimenyera.

Ntchito yawo imene yakhalitsa koposa ndi buku la nyimbo lotchedwa Lead Me, Guide Me, limene linatuluka mu 1987. Linali buku loyamba la nyimbo lokonzedwera Akatolika akuda a ku America. Ambuye James Lyke, episkopi wothandiza wa ku Cleveland, ndi amene anatsogolera ntchitoyi, ndipo Sisitere Thea anathandiza kusankha nyimbo nalemba nkhani yofotokoza mbiri ndi tanthauzo la nyimbo zopatulika za anthu a mtundu wawo. M'nkhaniyo anaonetsa kuti nyimbozi zimagwira munthu yense, mutu, mtima ndi thupi, kuti zimachokera m'moyo weniweni wa anthu, ndiponso kuti ndi za gulu osati za katswiri mmodzi. Aliyense amene anagwirapo buku la nyimbo la parishi amadziwa kulemera kwa chinthu chotere. Nyimbo ikangokhala pakamwa imatha kufa ndi nkhalamba yotsiriza yoidziwa, ndipo wansembe wosaikonda amatha kuiletsa. Ikalowa m'buku lovomerezedwa ndi maepiskopi, yapeza malo pa benchi.

Mu 1988 khansa ija inalowa m'mafupa. Kuyenda kunavuta, tsitsi linathothoka chifukwa cha mankhwala, ndipo anayamba kuyendera njinga ya olumala, sisitere mnzawo akuwakankha ndi kuwasamalira usana ndi usiku. Maulendo sanaleke. M'chaka chomwecho anajambulitsa nyimbo zauzimu ndi asisitere a Daughters of St. Paul, kuti mawu awo atsale iwo akadzapita. Amene ankawaperekeza ankaona munthu wofooka ndi ululu kuseri kwa nsanja, koma akangofika pamaso pa anthu mawu ankabwerera. Sankabisa matenda awo, ndipo odwala ambiri, pamodzi ndi odwala Edzi amene masiku amenewo ankasalidwa kwambiri, anapeza mwa iwo mnzawo womvetsa.

Pa 17 Juni 1989, patangopita mwezi umodzi ndi theka Papa Yohane Paulo Wachiwiri atacheza kuno ku Malawi, maepiskopi a dziko la America anasonkhana pa Seton Hall University m'chigawo cha New Jersey, ndipo anaitana Sisitere Thea kuti awafotokozere za moyo wa Akatolika akuda. Anawalowetsa pa njinga yawo ija. Poyankha funso loti kukhala munthu wakuda mu Mpingo ndi m'dziko kumatanthauzanji, anayamba ndi kuimba nyimbo yakale ya akapolo yonena za mwana wopanda mayi amene ali kutali ndi kwawo. Kenaka analankhula mosapita m'mbali. Anakumbutsa maepiskopiwo za ukapolo, za umphawi ndi za anyamata akuda odzaza m'ndende. Anawauza kuti Mkatolika wakuda amabwera ku Mpingo ali wathunthu, ndi mbiri yake, nyimbo zake, kuvina kwake ndi kaphunzitsidwe kake, ndipo zonsezi amazibweretsa ngati mphatso. Anadandaula ndi chizolowezi chokonzera anthu zinthu m'zipinda zotseka eni ake palibe, ndipo anapempha kuti sukulu za Katolika za m'madera osauka zisatsekedwe, popeza iwo eni anali chipatso cha sukulu yotere.

Pomaliza anapempha maepiskopi onse kuti aimirire, apingase mikono, agwirane manja ndi kuyandikana. Anawafotokozera kuti umu ndi mmene anthu ankagwiranirana pa maulendo ofuna ufulu aja, kuti agalu a apolisi ndi utsi wokhetsa misozi zikabwera pasatayike ngakhale mmodzi. Ndipo akuluakulu a Mpingo aja, ambiri a iwo azungu a imvi, anagwedezeka uku ndi uku akuimba We Shall Overcome, nyimbo ya omenyera ufulu, motsogozedwa ndi sisitere wodwala wokhala pa njinga ya olumala. Ena anagwetsa misozi. Mwambowu unajambulidwa pa kanema ndipo anthu amauonerabe.

Miyezi yotsatira mphamvu zinapita zichepa. M'nyengo ya Lenti ya 1990, ali gone m'nyumba ya makolo awo ku Canton, ananena mawu osinkhasinkha za Sabata Loyera, wina akulemba, ndipo nyuzipepala ya dayosizi ya Jackson inawasindikiza. Sabata Loyeralo sanalione. Anamwalira pa 30 Malichi 1990 ali ndi zaka 52. University of Notre Dame inali itangolengeza kuti iwapatsa mendulo ya Laetare, ulemu waukulu umene Akatolika a ku America amapereka kwa mmodzi wa iwo, ndipo inaperekedwa iwo atapita kale. Anaikidwa pafupi ndi makolo awo ku manda a Elmwood mu mzinda wa Memphis. Pa mwala wa pamanda, motsata kufuna kwawo, analembapo mawu awiri okha a Chingerezi onena kuti anayesetsa.

M'chaka cha 2018 Ambuye Joseph Kopacz, episkopi wa Jackson, anatsegula ntchito yofufuza za moyo wawo kuti Mpingo uone ngati angatchulidwe Woyera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho maepiskopi a ku America, pa msonkhano wawo ku Baltimore, anavomereza kuti ntchitoyi ipitirire. Kuyambira pamenepo amatchedwa Mtumiki wa Mulungu. Akatekisiti azindikire kuti iyi ndi sitepe yoyamba chabe mwa zinayi: pambuyo pake pamabwera Wolemekezeka, kenaka Wodala, ndipo potsiriza Woyera, ndipo masitepe awiri omalizawo kawirikawiri amafuna chozizwitsa chotsimikizidwa ndi Roma. Mtumiki wa Mulungu sakhala ndi chaka chake pa kalendala ya Mpingo ndipo dzina lake silitchulidwa m'mapemphero a Misa, koma mkhristu aliyense, makamaka woimba kwaya kapena wodwala khansa, ali ndi ufulu wopempha payekha kuti Sisitere Thea amupempherere.